Fayilo Imene Injiniya Anafufuta

Lolemba, 3 Malichi

Mayi ake adya bwino m'mawa. Mankhwala amwa osalavula. Ine andizindikira nditangowapatsa moni, koma mwana wathu wamkazi amutchanso akalaliki. Ndi choncho chiyambire matenda oiwalawa. Amamuona pa tebulo la pabalaza ndi kompyuta yake, ndiye amayesa munthu wa ku ofesi wabwera kudzalemba zinthu. Ine ndimamutcha Injiniya.

Abwana ake anamulola kugwirira ntchito pakhomo chifukwa cha mayi akewa. Ine mawondo anatha. Kuwadzutsa m'bafa sindingathe, kuwathamangira akatuluka sindingathe. Popanda iye pa tebulo paja, nyumba ino siingayende.

Chakumasana ndinali kuchapa nsalu zogonera. Mayi ake anatsegula chitseko n'kulunjika ku masitepe, ati akukatenga ana kusukulu. Injiniya anadzambatuka, kukawagwira, kuwanyengerera, kuwabweza. Atakhalanso pampando ndinamva kudina kamodzi. Kenaka “ayi, ayi, ayi,” motsitsa ngati akupemphera.

Injiniya sanadye.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndamufunsa. Poyamba anati simungamve, Bambo. Ndinati ndiyese, makutu okha ndiwo anatsala abwino.

Wandiuza motere. Makina a kampani yawo sali ku ofesi, amabwereka kwa eni ake kutali. Ndipo sawaimika ndi manja. Amalemba zomwe akufuna, pulogalamu n'kukaimika yokha. Ikaimika chinthu imalemba m'fayilo imodzi kuti ichi ndi changa, chili pakuti. Fayiloyo amaitcha siteti. Dzulo anatumidwa kusesa zakale kumbali yoyesererako. Pa sikirini panali mawindo awiri ofanana ngati mapasa, lina la zoyeserera, lina la zenizeni. Pochokera ku masitepe kuja anadina la zenizeni. Siteti yapita.

Ndinati ndiye makinawo afa? Anati ayi, akuyenda bwinobwino, koma pulogalamu siikuwadziwanso. Wina akangoiyendetsa lero iganiza kuti kulibe kanthu, iyamba kumanga zonse kachiwiri pamwamba pa zomwe zilipo, n'kusokoneza chilichonse.

Mayi ake anali pambali pathu akupinda thaulo, kulifunyulula, kulipindanso. Ndinawayang'ana. Nayenso anawayang'ana.

Lachitatu, 5 Malichi

Kope lina la sitetiyo linalipo, koma ankalisunga pamalo omwewo, ndiye linapitira limodzi. Palinso kabatani kena koti akanakatsegula kalekale zakale zikanamasungika. Palibe anakatsegula. Eni makina ayankha mwaulemu wonse kuti pepani, chofufutidwa chafufutidwa.

Abwana anaimba pa kompyuta. Mawu ofatsa, oopsa kuposa kukalipa. Ku ofesi kwawo kuli lamulo: munthu safufuta kanthu popanda mnzake kuima kumbuyo kwake n'kunena kuti ndaona, dina. Pakhomo pano woima kumbuyo ndani? Anamufunsa, “Unali ndi yani pamene unkafufuta?” Iye asanayankhe, mayi ake anafuula kuchokera kuchipinda, “Akalaliki, mwandiberanso nsapato zanga!”

Abwana anati, “Konza kaye. Zinazo tikambirana Lolemba.”

Zinazo ndazimva ine wosapita patali ndi sukulu. Akufuna kumubweza ku ofesi.

Nsapato zinali mufiriji.

Lachinayi, 6 Malichi

Lero m'nyumba munalowa kamphepo kabwino, koma sikanakhalitse.

Injiniya anakumbukira Ndevu, mnzake amene anasiya ntchito kumeneko chaka chatha. Ati mwina pa kompyuta yake yakale panatsalira kope. Ndevuyo anabwera nayo m'chikwama, munthu wamkulu thupi, woseka kwambiri. Polowa anati, “Madala, mwana wanuyu ndinamuphunzitsa kusesa, sindinati asese ndi nyumba yomwe.” Injiniya anati khala pansi iwe, ndevu zako zikugwetsa fumbi. Anaseka koyamba chiyambire Lolemba.

Ndevu, mayi ake anamuyesa mlongo wawo amene anamwalira kale. Anamugwira dzanja osamusiya, kumufunsa ngati wakonza njinga ija. Iye anati ndakonza, achemwali, yatsala belu. Munthu wabwino.

Kope linapezeka. Ndinaimirira kumbuyo kwawo. Pulogalamuyi ili ndi khalidwe limodzi labwino: isanachite kanthu imayamba yaonetsa zomwe ikufuna kuchita. Anaifunsa. Sikirini inadzaza zofiira, kutsika, kutsika, osatha. Ndevu analiza kakhweru. Ati kopelo ndi lakale kwambiri, likudziwa zinthu zomwe zinachotsedwa, silikudziwa zomwe zinabwera pambuyo, ndipo akalitsatira ligwetsa ndi mosungira maina a makasitomala momwe.

Injiniya anatseka kompyuta ija pang'onopang'ono. Anati, “Ikukumbuka zakale zokhazokha. Tili nazo kale zotere m'nyumba muno.” Kenaka anadzigwira pakamwa.

Ndevu anamwa tiyi wake mwamsanga. Pochoka, mayi ake anamuuza kuti asaiwale belu.

Lachisanu, 7 Malichi

Yatsala njira imodzi, yamanja. Ayenera kufufuza chinthu chilichonse chomwe chikuyenda kutaliko, kupeza nambala yake, n'kuiuza pulogalamu kuti ichi ndi chako, dzina lake ndi ili. Chimodzichimodzi. Ndinafunsa kuti zilipo zingati. Anati musafunse, Bambo.

Zina zimalowa bwino. Zina pulogalamu imakana, ati sichikufanana ndi zomwe munalemba, ndiye amabwerera kukafufuza kuti ndani anasintha chiyani ndi dzanja osauza anzake. Ndimamumva akulankhula nayo. “Ndi chako ichi, iwe. Unachipanga wekha.”

Ntchito imeneyo ndimaidziwa. M'mawa uliwonse ndimakhala m'mphepete mwa bedi. Ine ndine amuna anu. Ino ndi nyumba yanu. Uyo ali pa tebuloyo ndi mwana wanu wotsiriza. Kusiyana kwake n'kwakuti pulogalamu ukaiuza imasunga.

Ku kampani onse aimitsidwa, palibe wololedwa kusintha kanthu mpaka iye amalize. Foni ikungonjenjemera pa tebulo. Waitembenuza chafufumimba.

Loweruka, 8 Malichi

Maso ake afiira. Ndamuikira chakudya pambali, ndachichotsa chozizira.

Lamulungu, 9 Malichi

Mchimwene wake waimba. Iye zonse amazithera pa foni. Ati Bambo, tisadzinamize, mlongo wanga akabwerera ku ofesi amayi apite ku nyumba yosamalira okalamba, ndafunsa kale malo. Ndinati wafunsa kale? Anati kungofunsa. Ndinati mayi ako akadzuka n'kuona denga lachilendo, adzawauza ndani kuti iwo ndi yani? Anati kuli anamwino ophunzira. Ndinamupatsira foni mlongo wake. Iye anangoti ndili pa ntchito, n'kudula.

Ndiye ndinati ndiyese ndekha, ndione. Nthawi yosamba sindinamuitane Injiniya. Kuvula zinatheka. Kusambitsa zinatheka. Podzutsa, bondo lakumanzere linangoti khobo, tonse awiri pansi, m'madzi a sopo. Sitinavulale. Mayi ake anaseka mpaka misozi, ati abambo inu, mwaledzera m'mawa uno? Nanenso ndinaseka, nanga n'kutani.

Injiniya anatipeza choncho. Anadzutsa mayi ake, kuwafunditsa thaulo, kenaka anadzutsa ine. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangondiyang'ana bondo, n'kubwerera ku tebulo malaya ali chinyowere.

Lolemba, 10 Malichi

Wamaliza. Anandiitana, “Bambo, bwerani muone.” Anaifunsanso pulogalamu ija kuti ukufuna kuchita chiyani. Inaganiza nthawi yaitali. Kenaka panatuluka mzere umodzi wobiriwira. Anandiwerengera: palibe chosintha. Ati ndiye kuti yazindikira zake zonse. Kabatani kosunga zakale kaja wakatsegula tsopano, kope lina waika kwina. Ndinamugwira paphewa. Mafupa okhaokha.

Ndinaganiza kuti mwina poti wakonza, amusiya.

Masana anaimba abwana. Anayamba ndi kuthokoza, ndipo ndinadziwiratu. Ati wagwira ntchito yaikulu, palibe kasitomala anamva kanthu. Koma kuyambira Lachitatu azikhala ku ofesi, tsiku lililonse, pomwe pali wina woima kumbuyo kwake. Injiniya anati a ku ofesiwo akhoza kumaona pa sikirini ali komweko, pali njira. Abwana anati, “Si chilango, ndi lamulo.” Injiniya anatchula za mayi ake. Abwana anati, “Ndikumvetsa kwambiri.” Munthu akanena choncho ndiye kuti nkhani yatha.

Kusiya ntchito sangasiye. Mankhwala, nyumba, zonse zili pa iye.

Lachiwiri, 11 Malichi

Wakhomera loko wina pachitseko, m'mwamba, poti mayi ake sangafikire. Inenso ndimafikira movutika. M'bafa waikamo mpando wapulasitiki, ati kusamba kudikire iye akaweruka. Wandiphunzitsa podina foni kuti imuimbire. Kawiri konse ndinaimbira mchimwene wake.

Za malo a okalamba aja sitinakambe. Koma ndinamumva pakhonde akufunsa mchimwene wake kuti kodi amalola kukawaona tsiku lililonse.

Lachitatu, 12 Malichi

Wanyamuka kusanatenthe, kompyuta m'chikwama. Nsapato zake za ku ofesi zinamuthina, papita nthawi osazivala. Anasuzumira kuchipinda, mayi ake ali mtulo, sanawadzutse. Anati, “Bambo, loko.” Ndinakhoma.

Pa tebulo patsala chingwe chimodzi ndi bwalo la pomwe pankakhala kapu yake.

Mayi ake atadzuka ndinayamba monga mwa masiku onse. Ine ndine amuna anu. Ino ndi nyumba yanu. Pachitatu ndinaima, poti woloza panalibe. Ndinawaveka juzi, tinatuluka pabalaza pang'onopang'ono.

Anaima pa tebulo paja. Anasisita mpando. Anatola chingwe n'kuchikulunga bwinobwino pa dzanja. Ndinati akalaliki apita ku ofesi lero. Anandiyang'ana ngati ndine wodwala.

“Akalaliki ati? Mwana wanga ali kuti? Amakhala apa.”

Ndinati abwera madzulo, mayi.

Anati ayi, sanadye mwana uja, ndamuona ine, waonda. Apita kukhitchini, akulunga buledi m'thaulo lawo lija. Tsopano ali pachitseko, akukoka chogwirira, akuyang'ana m'mwamba pomwe pali loko. Akundiitana dzina langa.

Ndisiye kaye kulemba.