Tambala wa Khirisimasi uja

A bambo a Ndaona,

Ndanyamuka 6 koloko kupita kuchipatala kwa a Rahma, oyandikana nafe aja. Mwana wawo anagonekedwa Lolemba, lero Lachinayi malungo sanatsikebe, ndipo iwo ataya mtima. Dzulo anandipempha okha kuti ndiwapempherere, ndinapemphera. Koma ndinawatengera nkhuku munazinga inu ija, osaganiza kuti iwo ndi Asilamu. Anathokoza bwinobwino, n'kuivundikira osalawa. Zaka zisanu ndi ziwiri tikugawana moto, ine n'kuiwala zimenezi! Manyazi andigwira.

Chonde gwirani tambala wofiira, mupite naye kwa a Swadick, Asilamu anzawo aja, akazinge iwowo. Muphike nokha, mchere musachite ngati muja, mubweretse isanakwane 12 koloko. Pepani, ndikudziwa munkamusungira Khirisimasi, koma mayi aja chidyereni Lachiwiri.

Dorika