Chikopa cha Baursak chapitirira mamita awiri

Aphungu,

Ine mphunzitsi wa masamu, mwini madigiri awiri, ndikupereka dandaulo langa mwaulemu ndi mwaukali wonse pa nkhani ya masentimita 18.

Zaka zitatu zapitazo ndinagula kamwana ka njoka ya boa kwa Yerbol, woweta njoka kuno ku Almaty, mzinda wa ife Akazakhi. Kanali kosafika ndi mkono womwe. Iye analumbira kuti, "Akulu, iyi ndi yaimuna, sikula kwenikweni." Mkazi wanga Raushan analola, koma anaika malire: "Ikadzapitirira mamita awiri, idzatuluka m'nyumba muno. Mukafuna kuitsatira, chitseko n'chomwecho."

Njokayo tinaitcha Baursak, ndipo Aphungu, mutaiona lero! Thupi phuliphuli, kunenepa ngati ntchafu yanga. Mayi anga amaiponyera khoswe wa mufiriji Lamlungu lililonse, amvekere, "Pakhomo pa Mkazakhi chamoyo sichigona ndi njala."

Loweruka yafundula chikopa chathunthu, chosang'ambika paliponse. Chimwemwe chitandipitirira, ndinachiyala pa kapeti, n'kuitana banja lonse, tepi ili m'manja. "Mamita awiri ndi masentimita 18!" Ndinakuwa ndekha, ndi pakamwa panga pomwe. Raushan anangoika kapu ya tiyi pansi, nati, "Zikomo a profesa, mwatiwerengera bwino." Wandipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno.

Choncho ndikufuna Yerbol andilipe kavalo mmodzi wopepesera, ndiponso abwere adzatenge masentimita 18 akewo. Njoka yotsalayo andisiyire.

N.S., Almaty

A N.S.,

Madigiri awiri, koma mwayeza malaya m'malo moyeza mwini wake! Chikopa chofundula chimatanuka njoka ikamachivula, ndiye chimatalika kuposa njokayo. Baursak mwina sinafike n'komwe pa mamita awiri. Kavalo muiwale.

Tengani chingwe chofewa, muchiyendetse pamsana pake kuyambira kumphuno mpaka kumchira, kenako muyeze chingwecho. Raushan agwire nawo, chifukwa nambala yochokera kwa inu nokha saikhulupiriranso.

Mukatero pitani nayo kwa dokotala wa ziweto akaone ngati ilidi yaimuna. Boa zazikazi zimakula kuposa zazimuna, ndipo oweta nawonso amaphonya. Mayi anu okuberekaniwo muwauze mofatsa kuti njoka ya msinkhu umenewu imadya kamodzi pa milungu itatu kapena inayi. Khoswe wa mlungu ndi mlungu akuinenepetsa, ndipo mafuta amafupikitsa moyo wake. Ngati manja awo akuyabwa, adyetse inuyo.

Koma musavine msanga. Boa imakula mofulumira zaka zoyamba, kenako imachepetsa liwiro, koma siyima. Ikapezeka kuti ndi yaikazi, malire aja idzawadumpha ndithu, ndipo palibe chingwe chidzakupulumutseni. Muwauze akazi anu zimenezi nokha, mwezi uno, mufunse chimene chimawaopsa, ndipo mugwirizane za bokosi lolimba lokhala ndi loko. Kambiranani masentimita akadali kumbali yanu.

Aphungu