Njira Yopanda Mphambano

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ine kuno ndikuzolowera pang'onopang'ono. Nyumba ndi yaing'ono, koma kwa munthu mmodzi imakula ndithu.

Munati ndisasiye kupalasa njinga m'mapiri, ndiye ndinakafunsa wokonza njinga wa pakona pathu. Anandilozera njira zingapo. Ina imadutsa m'nkhalango, ina ndi ya miyala yokhayokha yofuna mabuleki abwino, ina imangozungulira damu n'kubwerera.

Ndinayamba ndi ya m'nkhalango. Ndi yokongola, koma mphambano zachuluka. Mukukumbuka lamulo lathu lija ndi alamu anu: wotsogola akafika pamphambano amaima mpaka wam'mbuyo atulukire. Loweruka ndinangozindikira phazi lili pansi, maso ali kumbuyo. Ndinaima nthawi yaitali. Kenako panafika mayi wina pa njinga.

"Bambo, mwasochera?" anandifunsa.

Ndinati ayi, ndikudikira munthu.

"Kumbuyoku sindinapitirire aliyense," anatero.

Ndinamuthokoza, iye n'kupitirira.

Zovala za alamu anu ndinagawa monga tinagwirizana. Koma njinga yawo ija munapempha kuti mwana wanu azikwera, ndipatseniko nthawi. Chishalo chikadali pomwe anachisiya, ndipo matayala ndimawapopabe.

Musandidere nkhawa, ndikudya. Masiku ano ndimapalasa njira ya kudamu. Wokonza njinga amandiseka, akuti imeneyo ndi ya ana ndi okalamba. Ndimangoseka naye. Sindinamuuze kuti njira imeneyo ilibe mphambano.

Mupereke moni kwa onse.

Ndine mlongo wanu.