Bambo Ayambiranso Kuimba

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno kumudzi tonse tilipo, kungoti bondo la amayi likuvutabe.

Kompyuta munatisiyira ija inayamba kudula mawu. Tikaika nyimbo imene malemu bambo anaimba pa ukwati wanu, ankamveka ngati akutsamwa. Amayi analira, amvekere, "Akundisiyanso kachiwiri."

Alamu anu amati tikagule masipika ena ku Limbuli, koma ine ndinakanitsitsa. Nditagwedeza waya, mawu anabwerera, ndiye ndinadziwa kuti vuto ndi pulagi. Chinyezi cha chiperoni chinaichititsa dzimbiri. Ndinangoipala ndi lezala, basi, bambo akuimba bwinobwino.

Chonde munditumizire fulashi ndisungemo nyimboyi. Sindifuna kuti amayi alire maliro amodzi kawiri.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati