Ngalande Idutsa pa Nyumba ya Mayi Telala

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA ENI MALO OKHUDZIDWA NDI NTCHITO YOKULITSA MSEWU

Tsiku: Loweruka, pa 9 Novembala
Malo: Chipinda chosungira ufa, kuseri kwa malo ophikira buledi a Wapampando

Opezekapo:
Wapampando (ophika buledi)
Msungichuma (eni nyumba za lendi)
Mlembi (aphunzitsi)
A Makaniko
Mayi a Saluni
Mayi Telala

Oitanidwa: Injiniya wa khonsolo ya mzinda

Osapezeka: A Zitsulo, owotcherera. Anatumiza uthenga kuti akudwala m'mimba, ngakhale makina awo ankamveka mpaka m'chipinda cha msonkhano.

1. KUTSEGULA

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 2 koloko masana. Anapepesa chifukwa cha kutentha, popeza uvuni uli kuseri kwa khoma, ndipo anapempha amene akusowa mpando kuti akhale pa matumba a ufa. Injiniya anapatsidwa mpando wa Mlembi.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITAWO

2.1 Mlembi anawerenga zolembedwazo. Zinakumbutsa kuti khonsolo yatenga kale makhonde ndi mipanda ya kutsogolo mbali zonse za msewu, potsata lamulo lolola boma kutenga malo a munthu likafuna kugwira ntchito yothandiza anthu onse.

2.2 Zinakumbutsanso pangano la komiti, loti pasapezeke munthu wokasaina yekha pepala la khonsolo, ndiponso kuti chogwera mmodzi chagwera tonse.

2.3 A Makaniko anapempha kuti mfundo yachiwiriyo iwerengedwenso mokweza. Wapampando anati nthawi ndi yochepa. Zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. NKHANI YA NGALANDE

3.1 Injiniya anayala mapu pa thumba la ufa. Anati msewu ukakula, madzi a mvula adzachuluka, choncho pafunika ngalande yaikulu yochotsa madziwo pamsewu kupita kumtsinje wa kumunsi. Anati njira zilipo ziwiri.

3.2 Njira yoyamba ikudutsa kuseri kwa malo anayi. Kwa Wapampando ikukhudza uvuni, kwa Msungichuma zipinda ziwiri za lendi, kwa Mayi a Saluni chipinda cha kumbuyo, ndipo kwa a Makaniko dzenje lokonzera magalimoto. Palibe nyumba imene ingagwe yonse. Malowo akhalabe a eni ake papepala, koma sadzaloledwa kumanga chilichonse pamwamba pa ngalandeyo, ndipo antchito a khonsolo azilowa nthawi iliyonse kudzaikonza.

3.3 Njira yachiwiri ndi yaifupi. Ikudutsa pa malo amodzi okha, pakati penipeni pa nyumba ya Mayi Telala. Nyumba yonse iyenera kugwa, ndipo malowo akhala a khonsolo.

3.4 Injiniya anati kwa iye njira zonse ndi zabwino, madzi sasankha. Anati khonsolo ili ndi mphamvu yotenga njira iliyonse, koma sifuna zokokana kukhoti, n'chifukwa chake ikupempha komiti kuti inene njira imene eni malo akugwirizana nayo.

3.5 Mayi Telala anafunsa ngati anthu ena m'chipindamo anali atawaonapo kale mapuwo, chifukwa iwo okha ndi amene anaimirira kukawayang'ana.

3.6 Msungichuma anati nzeru n'zoti pavulale malo amodzi kusiyana ndi anayi. Anawonjezera kuti Mayi Telala alandira chipukuta misozi chokwanira kukayamba kwina.

3.7 Injiniya anakonza mawuwo. Anati chipukuta misozi chimapita kwa amene dzina lake lili pa chikalata cha malo, ndipo m'mabuku a khonsolo malowo ali m'dzina la akulu awo a malemu amuna a Mayi Telala.

3.8 Mayi Telala anati zimenezo n'zoona ndipo msewu wonse ukudziwa. Anafotokoza kuti apongozi awo analembetsa malowo m'dzina la mwana woyamba, koma amene anakhalapo ndi wamng'ono, amuna awo. Anati iwo anafika pamalopo ali mtsikana, pali kanyumba ka chipinda chimodzi kodontha. Zipinda zinazo anamanga ndi makina osokera, khoma chaka chino, denga chaka chamawa. Amuna awo anamwalirira m'chipinda cha pakati. Pano akukhalamo ndi mwana wawo wamkazi ndi zidzukulu ziwiri. Anati alamu awowo sanagulepo ngakhale msomali umodzi, koma sakukhulupirira kuti angasaine osawauza.

4. KUFIKA KWA ALAMU A MAYI TELALA

4.1 Nkhani ili mkati, alamu a Mayi Telala analowa. Sanali pa mndandanda wa oitanidwa. Wapampando anati anaiwala kudziwitsa Mlembi.

4.2 Alamuwo anapereka moni kwa onse ndi kupepesa kuti achedwa. Anathokoza Wapampando ndi Msungichuma chifukwa chowatsatira mpaka kwawo ndi galimoto sabata yatha, n'kuwaperekeza ku ofesi ya khonsolo. Anati pakanapanda akuluakuluwa, iwo sakanadziwa n'komwe khomo lolowera.

4.3 Wapampando anapempha alamuwo kuti akhale pansi kaye.

4.4 A Makaniko anafunsa alamuwo chimene anakachita ku khonsolo. Iwo anayankha kuti anakasaina kuti sakukana malowo kutengedwa, ndipo anauzidwa kuti chatsala ndi mawu a komiti basi. Anaoneka odabwa, nafunsa ngati nkhaniyi sinali yodziwika kwa onse.

4.5 Mayi Telala anapempha kuti mawu awo alembedwe monga awanenera. Anati: "Alamu, tsiku la maliro munagwira dzanja langa pakhomo paja, munati, 'Mlamu, nyumba iyi ndi yako ndi ana, ine ndili ndi kwanga.' Kapena ndinamva ndekha?"

4.6 Alamuwo anayankha kuti: "Ndinanenadi, mlamu, sindikukana. Koma nthawi imeneyo kunalibe za msewu. Boma likafuna malo limatenga, ine ndine ndani? Ndiye ndikane, atenge ulere? Inenso ndili ndi ana. Kangachepe ndidzakuganizirani."

4.7 Mayi Telala anati sakupempha kuganiziridwa. Anafunsa alamuwo kuti zidzukulu za mng'ono wawo zikagona kuti. Alamuwo anati zimenezo ndi za pabanja, si za pagulu, ndipo anatuluka kukayankha foni. Sanabwerenso.

5. ZOKAMBIRANA

5.1 A Makaniko anafunsa Wapampando ngati kutenga munthu pa galimoto kukasainitsa si kuphwanya pangano la pa 2.2. Wapampando anati pangano limanena za mamembala, ndipo alamuwo si membala. Anati iwo anangothandiza munthu wachikulire mayendedwe.

5.2 A Makaniko ananena mawu ena okhudza Wapampando ndi buledi wawo. Wapampando analamula kuti mawuwo asalembedwe. Sanalembedwe.

5.3 Wapampando anati anthu asamaone ngati iwo ndi oipa mtima. Uvuni wawo unamangidwa ndi njerwa, sunyamulika, ndipo ukagwa anthu asanu ndi awiri amene amagwira ntchito pamenepo akhala pakhomo. Anati tonse tinalira msewu wabwino, ndipo walira mvula walira matope.

5.4 Mayi Telala anati matopewo akuoneka kuti agwera pa khomo limodzi. Anakumbutsa kuti pamene khonsolo inabwera kudzapaka penti yofiira pa makoma oti agumulidwe, Wapampando anatseka geti n'kukhala m'nyumba, ndipo ndi iwo Mayi Telala amene anayenda khomo ndi khomo kuitana anthu kuti komiti ino ikhalepo.

5.5 Msungichuma anati mbiri yakale sikumba ngalande.

5.6 A Makaniko anati iwo ndi okonzeka kutaya dzenje lawo. Azigona pansi pa galimoto poikonza monga ankachitira kale. Anati aliyense akataya pang'ono palibe amene agone panja, ndipo anachenjeza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anapempha Mayi a Saluni kuti anenepo, popeza iwo ndi Mayi Telala akhala moyandikana kuyambira kale ndipo analerana ana.

5.7 Mayi a Saluni anati m'chipinda cha kumbuyocho mumagona mayi awo, amene sayenda chigwereni sitiroko, ndipo ndi chipinda chokhacho chimene chili pafupi ndi bafa. Anati: "Achemwali, mukudziwa nokha, mumandithandiza kuwatembenuza. Ndikawaika kuti? Mu saluni, pakati pa makasitomala?" Mayi Telala anati akudziwa.

5.8 Mayi Telala anafunsa Injiniya ngati munthu wopanda chikalata angathe kukadandaula kukhoti. Injiniya anati khomo la khoti ndi lotsegukira aliyense, koma makina ogumula afika mvula isanakhazikike, ndipo milandu ya malo siyenda msanga. Anati akumva chisoni, koma iye amangojambula.

6. VOTI

6.1 Msungichuma anapereka ganizo loti komiti isankhe njira yachiwiri. Anatinso Mayi Telala asavote chifukwa nkhaniyi ikuwakhudza.

6.2 A Makaniko anati ngati ndi choncho, onse anayi a njira yoyamba asavotenso, atsale Mlembi yekha.

6.3 Wapampando anagamula kuti komiti ino ndi ya eni malo, ndipo malinga ndi zimene Injiniya wanena, Mayi Telala si eni malo. Anati akhala akuloledwa pa misonkhano chifukwa cha ulemu. Anawonjezera kuti iwo monga Wapampando savota pokhapokha mbali ziwiri zitafanana.

6.4 Ovomereza njira yachiwiri: Msungichuma ndi Mayi a Saluni. Mayi a Saluni anakweza dzanja atayang'ana pansi.

6.5 Okana: A Makaniko. Anakweza manja onse awiri, koma linawerengedwa limodzi.

6.6 Mlembi sanakweze dzanja mbali iliyonse chifukwa anali akulemba. Mayi Telala anati: "Aphunzitsi, cholembera chimagwidwa ndi dzanja limodzi." Anapempha kuti mawuwa alembedwenso. Alembedwa.

6.7 Chigamulo: Komiti yasankha kuti ngalande idutse njira yachiwiri. Wapampando sanafunike kuvota. Mlembi alembe kalata ku khonsolo pofika Lachiwiri.

6.8 Injiniya anathokoza komiti chifukwa cha mtima wokonda chitukuko. Anati Mayi Telala alandira chidziwitso cha tsiku lotuluka, ndipo akhoza kuchotsa malata, zitseko ndi mawindo ngati alamu awo avomera, popeza papepala ndi za alamuwo. Anakulunga mapu, nasasa ufa, napita. Wapampando anamupatsa buledi awiri.

7. ZINA NDI ZINA

7.1 Msungichuma anati ali ndi chipinda chimodzi chopanda munthu, ndipo Mayi Telala akhoza kulowamo pa mtengo womwe ena amalipira. Zinadziwika kuti chipindacho ndi chimodzi mwa ziwiri zija zimene zapulumuka ku ngalande.

7.2 A Makaniko anati akutula pansi umembala. Wapampando anati kutula pansi kumafuna kalata. A Makaniko anati kalatayo ailembe Wapampando yemweyo, popeza amadziwa kuthandiza anthu kusaina. Anatuluka, ndipo chitseko chinafunika kukonzedwa pambuyo pake.

7.3 Wapampando anadziwitsa mamembala kuti pa tsiku lotsegulira msewu kudzabwera akuluakulu a mzinda, ndipo komiti yapatsidwa malo kutsogolo. Anati zingakhale bwino mamembala atavala zofanana, abambo malaya, amayi madiresi, nsalu imodzi. Anafunsa kuti angasoke ndani.

7.4 Msungichuma anati telala mu msewu uno alipo mmodzi yekha, ndipo ntchito ndi ntchito, ikhoza kuwathandiza pa nthawi yovutayi.

7.5 Mayi Telala anaimirira, nasasa ufa pa siketi yawo. Anati: "Bweretsani nsaluyo. Ndikasokera pansi pa mtengo, kapena m'mbali mwa ngalande yanuyo, makina anga safuna magetsi. Musavutike kubwera kudzayezetsa. Nonsenu ndakuyezani lero."

7.6 Mayi Telala anatuluka. Mayi a Saluni anawatsatira mpaka pageti akuitana kuti "achemwali, achemwali," kenako anabwerera okha n'kukhala pansi. Nkhani ya zovala inaimitsidwa kaye.

8. MSONKHANO WOTSATIRA

Udzachitika Loweruka, pa 7 Disembala, pa malo omwewa. Mlembi anafunsa ngati Mayi Telala atumiziridwe uthenga woitana. Wapampando anati ayi. Msungichuma anawonjezera kuti ngakhale titafuna, sitikudziwa kuti pofika tsikulo uthengawo ukaperekedwa pa khomo liti.

9. KUTSEKA

Wapampando anathokoza mamembala otsalawo chifukwa cha umodzi. Anapempha Mayi a Saluni kuti atseke ndi pemphero. Mayi a Saluni anati sangathe. Anapempha Mlembi, ndipo Mlembi anati nayenso sangathe. Msonkhano unatsekedwa popanda pemphero nthawi ya 4:40 madzulo.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________