Akuti Ndine Wotentha

Nsaru,
24 Epulo 2023.

Okondedwa achimwene a Elias,

Tulo tandithawa sabata yonse. Ndaona kuti ndikulembereni, poti nkhoswe yanga ndinu.

Mukudziwa kuti ine ndi bambo a kunyumba, a Henderson, timaswetsa milamba n'kumagulitsa tiana take kwa eni madamu. Iwo amafinya mazira ku nsomba yaikazi, zotsalazo ndi zanga. Ndimawayala pa neti m'mabeseni, ndimatola oyera ndi nthenga asanawoletse anzawo, ndipo akaswa ndimadyetsa tianato chachikasu cha dzira lophika. Tianato timakhala tating'ono ngati tsitsi, achimwene, koma ndimatidziwa tikakhuta.

A Henderson atapita ndi fodya ku okushoni ku Kanengo, tiana tinali titaswa bwino kuposa kale lonse. Lachinayi ndinasintha madzi kuchokera mu diramu, n'kupita ku mapemphero a amayi a Chigwirizano. Pobwera ndinapeza mabeseni ali mbuu, tonse titagadama.

Apongozi anga anayang'anamo, kenako anandiyang'ana ine. "Mazira ali ngati khanda, safuna munthu wotentha. Nanga mwana wanga ali ku Kanengo, mwatenthera kuti, mayi?" Anafunsa mokweza, amayi a pamjigo akumva. Pofika madzulo mudzi wonse unali utandipezera kale mwamuna: mlangizi wa nsomba amene amabwera pa njinga yamoto, munthu woti sindinamupatseko ndi mpando womwe.

Tsono imvani. Nditanunkhiza mu diramu muja ndinamva klorini, mankhwala aja akugawa a zaumoyo chifukwa cha kolera. Anathiramo ndi apongozi omwewo. Nditawafunsa sanakane. "Eya, ndinathira. Mankhwala oteteza anthu angaphe bwanji nsomba?" Sananditsire dala, ndikudziwa. Koma kuvomera kuti ndiwo apha, ayi, kuli bwino ine ndikhale hule.

Chandipweteka kwambiri ndi a Henderson. Ndinawaimbira ndikulira. Anangomva za klorini n'kunena kuti, "Aa, basi ndi zimenezo, klorini amapha pompo." Ndinati auzeni mayi anu tsono. Iwo anandiyankha kuti: "Rute, mayi ndi akulu, sindingawachititse manyazi. Ungowapepesa, zithe."

Ndipepese chiyani, achimwene? Pano ukapepesa pa nkhani yotere ndiye kuti wavomera chigololo. Akulu a mpingo andiitana kuti ndikaonekere Loweruka likubwerali. Ndikatchula klorini, ndayalutsa apongozi pamaso pa mpingo umene akhala akusesa zaka zonsezi, ndipo pachitengwa pano sindidzamwanso madzi mwamtendere. Ndikakhala chete, andidula ku Mgonero, ndipo mwana wanga Thokozani adzakula akumva kuti amake anagwidwa ndi nsomba.

Ndiulule kwa inu nokha: dzulo potchula "monga ifenso tiwakhululukira amangawa athu" ndinatseka pakamwa. Sindinawakhululukire. Mulungu andichitire chifundo.

Tiana tochepa tinapulumuka, timene ndinapatula m'kandowa chifukwa tinali tofooka. Ndatibisa kuchipinda, madzi ndikukatunga ndekha kudambo. Ndikutigwira ndi manja omwewa, otenthawa, ndipo tikukula.

Ndiyankheni Lachisanu lisanafike: ndikalankhule kapena ndikakhale chete? Ngati n'kotheka bwerani mudzakhale pambali panga, chifukwa amuna anga akuti fodya sanagulidwebe.

Moni kwa alamu ndi ana. Mayi athu musawauze, mtima wawo mukuudziwa. A Henderson sakupereka moni. Sakudziwa kuti ndalemba.

Ndine mlongo wanu,
Rute.