Kaseti ya Maliro Anu

Amayi, kaya kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Oshawa, kutsidya kwa nyanja, kuzizira sikunathebe. Mdzukulu wanu, amene tidamutcha dzina lanu, wamera mano awiri ndipo akuluma aliyense. Bambo ake akadali ku fakitale ya magalimoto, ine ndikusamalabe nkhalamba. Achimwene alemba kuti chimanga chabereka bwino, koma denga la khitchini yanu lagwa. Ndikuzungulirazungulira chonchi chifukwa ndili ndi mlandu, Amayi.

Mukudziwa kuti pamaliro anu sindidafike. Pathupi padali patakula, adokotala adandiletsa kukwera ndege. Achimwene adapempha munthu wa kamera kuti ajambule zonse. Kaseti itafika tidaikopetsa pa ina yogwirizana ndi makina akuno, yoyambayo n'kubwerera kwa mwini wake, amene adajambulirapo ukwati. Chaka chathunthu sindidalimbe mtima kuionera. Ngakhale kulembapo dzina, dzanja linkakana. Ndidangoilowetsa pakati pa makaseti ena osalembedwa kanthu.

Mwezi watha Mwisiraeli wina adalowa ndi mfuti mumzikiti ku Hebroni, Apalestina ali chogwada kupemphera, n'kupha ambiri. Ndi pomwe pali manda a Abrahamu ndi Sara, malo aja munkati mudzawaona musanafe, ife n'kumakusekani poti basi ya ku Lilongwe yomwe inkakuchititsani chizungulire. Nditamva kuti aonetsa zambiri pa TV ine ndili kuntchito, ndidatola kaseti mothamanga n'kutchera makina kuti ajambule. Amayi, idali yanu ija.

Ndidazindikira mawa lake masana. Ndidaona nsapato zosiyidwa pakhomo, zoyala pansi zili magazi okhaokha, amuna akuthamanga atanyamula anzawo. Mtolankhani ankangotchula chiwerengero, dzina la womwalira ngakhale limodzi osalimva. Kenaka abambo a masuti adayamba kukangana za amene adaputa mnzake. Asanamalize, padabwera malonda a galimoto ndi zanyengo. Pamenepo chithunzi chidagwedera, ndipo ndidangoona amayi a Mvano akubwerera kuchokera kumanda, akuimba nyimbo yanu ija. Mphindi sidakwane n'komwe, kaseti yatha. Bokosi lanu sindidalione. Nkhope yanu sindidzaionanso.

Ndidakhala pansi n'kulira mpaka mwana adayamba kundithandiza.

Ndakumbukira tsiku lija tikuchokera kuchigayo, tidapeza masamba atayalidwa pamsewu. Mudatula ufa, n'kundikokera kusiwa kwa Asilamu amene sitinkawadziwa. Nditadandaula za njala mudangoti, "Maliro n'kulirana." Kwathu wa njinga amatsika, wa chipewa amavula. TV sitsika, Amayi. Imadutsa pamaliro ikugulitsa sopo. Patangotha masiku ochepa nkhani ija idazilala. Mawa akaphedwa Ayuda m'sunagoge kapena Akhristu m'tchalitchi, adzaonetsanso nsapato, abambo a masuti aja n'kukangananso. Chimene chikundiopsa n'choti nanenso ndayamba kuzolowera. Kuntchito nkhalamba zikati ndisinthe TV poti zachisoni zawakwana, ndimasintha, n'kupitiriza kuyala mabedi. Ngati pamanda a Abrahamu, kholo la onsewo, munthu angafe ali chogwada, kwatsala kuti kothawira? Kupemphera kukundivuta masiku ano, sindikubisirani.

Achimwene sindinawauze. Akafunsa ngati ndidaona mmene maliro adayendera, ndimangoyankha kuti anthu adalipo ambiri. Limenelo si bodza kwenikweni.

Nthawi zina ndimati ndi khalidwe lanu lomwe lija. Alendo akafika munkawasiyira mphasa yanu, inu n'kugona pachiguduli kukhitchini. Apanso mwawasiyira anthu osawadziwa malo anu onse, inu n'kutsala ndi kamphindi ka kumapeto. Koma zimenezi sizikunditonthoza. Ndinkafuna inuyo.

Dzulo ndalembapo dzina pakasetiyo. Ndangolemba kuti "Maliro". Ndikulonjeza kuti Lamulungu lililonse, tikabwerako kutchalitchi, ndiziionera kuyambira pachiyambi, osathamangitsa kuti ndifike msanga pa nyimbo yanu. Ndizikhala nawo kaye anthu aja, monga mudandikhazikira pasiwa paja ufa uli pamsewu.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene sadaponye dothi pamanda anu,

Esinala